Kodi supercharger ingachepetse petulo amene boti limamwa pa damu la Vaal?

Bambo wina wokhala ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, wafunsa motere: "Ine ndi anzanga awiri tinasonkherana ndalama n'kugula boti lakale la mamita 6, lokhala ndi injini ya MerCruiser ya malita 5.7 yoyendera kabuleta, imene buku lake likuti ili ndi hosipawa 260. Timapita nalo ku Vaal kumapeto kwa sabata. Tikakwera anthu asanu ndi mmodzi limavutika kudzuka pamadzi, ndipo likumwa petulo koopsa. Munthu wina watiuza kuti tikaika supercharger injini idzapeza mphamvu, ndipo popeza sidzavutikanso, idzamwa mafuta ochepa mpaka ndalama zathu zidzabwerera. Kodi n'zoona, ndipo zingatidye ndalama zingati?"

Bambo, ndikuyankheni kaye mwachidule ndisanalowe m'kati mwa nkhaniyi: mphamvu mudzaipezadi, koma petulo adzakwera, ndipo ndalama zimene mudzalowetse sizidzabwerera kudzera pa pampu ya mafuta ngakhale botilo mutakhala nalo mpaka ukalamba. Amene anakuuzani uja sanapeke nkhani yonse, pakuti muli kachoonadi kakang'ono m'mawu ake, ndipo ndikasonyeza pamene kali. Chimene ndikufuna kuti inu ndi anzanuwo mumvetse bwino n'chakuti vuto limene mukuliona lili ndi mankhwala otsika mtengo kwambiri, amene muyenera kuwayesa musanatumize ndalama kunja.

Tiyambire pa chifukwa chimene boti lanu likuchitira ulesi. Hosipawa 260 imene yalembedwa m'buku ija anaiyeza injini ikupuma mpweya wa kugombe la nyanja yaikulu, monga wa ku Durban. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo madzi a damu la Vaal ali pa mamita pafupifupi 1,480. Pamalo okwera chotero mpweya ndi wopyapyala: kugombe pulesha yake imakhala pafupifupi makilopasiko 101, pamene ku Deneysville, m'mbali mwa damulo, imakhala cha m'ma 85. Injini imene imadzikokera yokha mpweya imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse amene yakwera, choncho injini yanu ikafika pa Vaal imakhala itataya cha m'ma 15 peresenti, ndipo imatsala ndi hosipawa pafupifupi 220, ngati ili yabwinobwino. Masana a mu December kukatentha, mpweya umapyapyalanso kwambiri ndipo mphamvu imatsikirabe. Ambiri mwa ife tinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, imene ili pa mamita pafupifupi 474 okha, ndipo timakumbukira mmene kainjini ka Yamaha ka hosipawa 40 kamakankhira boti lodzaza usipa ndi anthu. Tikafika kuno timadabwa kuona injini yaikulu ikulephera, koma gawo lina la kusiyanako ndi mpweya basi.

Supercharger ndi pampu ya mpweya yoyendetsedwa ndi lamba kuchokera ku injini yomweyo. Maganizo ake ndi akale ndithu, pakuti abale awiri a ku Indiana, Philander ndi Francis Roots, analembetsa pampu yawo mu 1860, ndipo mtundu wa zomangira ziwiri zopiringizana, umene makampani monga Whipple amagulitsa lero, unachokera ku ntchito ya Alf Lysholm wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1930. Ntchito yake ndi kukankhira mpweya wambiri m'masilinda kuposa umene pisitoni ikanakoka yokha. Koma mpweya paokha suyendetsa boti. Mphamvu imachokera ku petulo amene wapsa, ndipo mpweya wowonjezerawo umangolola injini kutentha petulo wochuluka pa nthawi imodzi. Pa makilogalamu 14.7 aliwonse a mpweya pamafunika kilogalamu imodzi ya petulo kuti zonse zipse bwino, ndiye mukawonjezera mpweya ndi 40 peresenti, petulo nayenso ayenera kukwera ndi 40 peresenti. Apa palibe njira yozembera.

Kuwonjezera pamenepo pali misonkho iwiri imene supercharger imadula. Woyamba ndi wakuti pampuyo imadya mphamvu kuti izungulire, ndipo pa injini ya kukula ngati yanu, moto ukakhala wonse, imatha kudya mahosipawa makumi angapo amene petulo wake mwalipira koma safika ku pulopela. Wachiwiri ndi wakuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha wopanikizika umachititsa petulo kuphulika yekha nthawi isanakwane, zimene amakaniko timati kugogoda. Pofuna kuteteza mapisitoni, wokonza injini amaithira petulo wopitirira muyeso, cha m'ma kilogalamu imodzi pa makilogalamu 11.5 kapena 12 a mpweya, kuti petulo wotsalayo aziziritse m'silinda, ndiponso amachedwetsa moto wa mapulagi. Zonse ziwirizi zimapulumutsa injini, koma zimatanthauza kuti pa hosipawa iliyonse mukuwotcha mafuta ambiri kuposa kale.

Tiyeni tiike manambala, pakuti nkhani ya ndalama za anthu atatu siyenera kuyendera kumva. Injini ya petulo yopanda supercharger, ikapatsidwa moto wonse, imamwa pafupifupi malita 0.31 pa hosipawa iliyonse pa ola, pamene yokhala ndi supercharger imamwa cha m'ma malita 0.37. Injini yanu ya hosipawa 220 ikumwa tsono malita pafupifupi 68 pa ola. Mukaika supercharger yofatsa, yochulukitsa mpweya ndi 1.4, mukachotsa zimene pampuyo yadya mudzatsala ndi hosipawa pafupifupi 300, ndipo idzamwa malita 111 pa ola. Mphamvu yakwera ndi 36 peresenti, koma petulo wakwera ndi 63 peresenti. Tiyerekeze kuti lita ili pa R22, ngakhale mtengowu umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse ndipo mu July 2022 petulo wa 95 anafika pa R26.74 kuno kumtunda; malita 43 owonjezerawo ndi R946 pa ola lililonse limene mwapatsa moto wonse.

Mwina mungaganize kuti popeza botilo lidzathamanga kwambiri, mudzafika msanga ndipo zidzafanana. Madzi salola zimenezo. Pa boti lotsetsereka pamwamba pa madzi, liwiro limakwera pang'onopang'ono poyerekeza ndi mphamvu, mwakuti kuti liwiro liwirikize kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi kanayi. Mphamvu yowonjezera ya 36 peresenti ija imakupatsani liwiro lowonjezera la 17 peresenti yokha. Ngati lero boti lanu limafika makilomita 65 pa ola, lidzafika cha m'ma 76, ndipo petulo wa pa kilomita imodzi adzachoka pa lita imodzi ndi pang'ono kufika pafupifupi lita imodzi ndi theka.

Apa ndi pamene anthu ozolowera magalimoto amasocherera, ndipo sindiwaimba mlandu. Galimoto yokhala ndi supercharger kapena turbo (pampu ya mpweya yozunguliridwa ndi utsi wa injini) ikamayenda pa msewu wa N1 pa liwiro la 120, imagwiritsa ntchito kagawo kakang'ono ka mphamvu zake. Boost, ndiko kuti mpweya wowonjezera wokankhidwa ndi pampu uja, imabwera kwa masekondi ochepa pamene dalaivala akupitirira lole, kenako injini imapumula. N'chifukwa chake opanga magalimoto amatha kuika kainjini kakang'ono kokhala ndi turbo m'malo mwa injini yaikulu n'kupulumutsadi mafuta. Boti lilibe magiya osinthasintha, lilibe potsetsereka, ndipo mukangochotsa moto limaima. Injini ya boti ili ngati galimoto yokoka ngolo imene ikukwera phiri losatha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukamakoka munthu wa pa ski kapena chubu chokwera ana, injini imakhala pa boost kwa mphindi zambiri motsatizana, ndipo kutentha kumene pagalimoto kukanatha pa masekondi asanu kumaunjikana m'mapisitoni ndi m'mavalavu.

Tsopano kachoonadi kaja. Boti likamanyamuka limayamba lakweza mutu, kumbuyo kutamira, likukankha phiri la madzi, ndipo nthawi imeneyo ndiyo imene limamwa mafuta ambiri pa kilomita kuposa nthawi ina iliyonse. Likapyola pamenepo n'kugona pamwamba pa madzi, mumabweza moto ndipo limayenda mopepuka. Boti limene likulephera kudzuka limakhala nthawi yaitali m'dera loipalo, woyendetsa atapatsa moto wonse, ndipo mwini wake akaika supercharger n'kuona kuti tsopano likudzuka m'masekondi ochepa, amaonadi kuti pa ulendo wofatsa thanki ikukhalitsa. Iye sakunama. Komanso supercharger yabwino ili ndi valavu yolambalalitsa mpweya pamene moto uli wochepa, choncho pa liwiro lapakati, injini ikuzungulira maulendo cha m'ma 3,000 pa mphindi (3,000 rpm), pampuyo imadya zochepa ndipo mafuta amakhala pafupifupi ofanana ndi akale. Kampani ya Volvo Penta inagwiritsa ntchito nzeru yomweyi pa injini zake za dizilo za mtundu wa KAD, pamene supercharger imalumikizidwa ndi kilatchi pa nthawi yodzuka yokha, kenako imamasuka n'kusiyira turbo ntchito. Koma taonani kuti phindu lonselo lachokera pa kudzuka msanga, ndipo kudzuka msanga mungakupeze ndi pulopela yoyenera.

Ngakhale titamukomera mtima amene anakuuzani uja n'kunena kuti mudzapulumutsa 10 peresenti pa ulendo wofatsa, masamu ake sakutuluka. Tiyerekeze kuti mumayenda maola 50 pa chaka, zimene kwa anthu ogwira ntchito m'kati mwa sabata ndi zambiri ndithu, ndipo pa liwiro lapakati mumamwa malita 35 pa ola. Mudzapulumutsa malita 175, omwe ndi R3,850 pa chaka. Ngati ntchito yonse yakudyani R200,000, pafunika zaka zopitirira 50 kuti ndalamazo zibwerere. Ndipo kunena zoona, pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi sindinaonepo munthu amene waika supercharger n'kumayenda mofatsa monga kale. Mphamvu ikakhalapo dzanja limaifuna. Mukangopatsa moto wonse kwa maola 10 okha mwa maola 50 aja, mwawonjezera kale malita 430, omwe ndi R9,460.

Mtengo wa R200,000 ndauwerengera motere. Zida zopangidwira injini za m'madzi, za makampani monga Whipple kapena ProCharger, zimachokera ku America ndipo mtengo wake ndi madola masauzande angapo. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mtengo wa madola 8,000 pamene dola ili pa R18: imeneyo ndi R144,000 katundu asananyamuke. Muwonjezerepo ndalama zotumizira ndi msonkho wa VAT wa 15 peresenti, mwadutsa kale R170,000. Kenako pakubwera pampu ya mafuta yamphamvu ndi mapaipi ake, kabuleta yokonzedwera boost popeza yanu ya lero siyingagwire ntchito imeneyi mmene ilili, intercooler (choziziritsira mpweya wopanikizidwa) ndi mapaipi a madzi, mapulagi ozizira, pulopela ina yatsopano, ndi malipiro a mmisiri amene adzakhale masiku angapo akumanga ndi kuyesa pamadzi. Nthawi zina chivundikiro cha injini sichitsekanso ndipo pamafunika kudula ndi kuumbanso faibala. Mufunse mitengo yolembedwa papepala kuti muone nokha, koma musadabwe ikafanana ndi ndalama zimene munagulira boti lonselo.

Pali chinthu chimene ogulitsa satchula kawirikawiri, ndicho mwendo wa kumbuyo umene umatenga mphamvu kupita nayo ku pulopela. Maboti ambiri a kukula kwa lanu okhala ndi injini ya 5.7 ali ndi mwendo wa Alpha One, umene unapangidwira mphamvu yosapitirira hosipawa 300. Pa Vaal mudzakhala pa malire penipeni, ndipo magiya a mwendo wakale umene wagwira kale ntchito zaka zambiri sakonda kukhala pa malire, makamaka ponyamuka mwamphamvu mutakoka munthu. Kusinthira ku mwendo wa Bravo, umene uli wolimba, ndi ntchito ina yaikulu yofuna ndalama zakezake. M'kati mwa injini namonso muli mapisitoni wamba othiridwa m'chikombole, amene amapirira boost yochepa pokhapokha zonse zili bwino, koma akagogoda kwa kanthawi amasweka m'mphepete mwa malingi.

Nkhani ya petulo weniweniyo ndiifotokoze mofatsa, chifukwa ndi imene yaphetsa injini zambiri zimene ndatsegulapo. Kuno ku Gauteng timagula petulo wa 93 ndi wa 95, pamene kugombe amagulitsa wa 95; nambalayo ikakhala yaikulu, petuloyo amapirira kwambiri kupanikizika osaphulika yekha. Petulo wa 93 amakwanira kuno chifukwa cha mpweya wopyapyala uja, umene umachepetsa kupanikizika m'silinda. Supercharger imachotsa chitetezo chimenecho, ndiye kuyambira tsiku limene mwaiika, 93 musamuyandikirenso. Komanso mapepala a zida za ku America akamanena kuti pakufunika petulo wa 91 kapena 93, akuwerenga ndi muyeso wa kwawo, umene uli wosiyana ndi wathu: 91 wa ku America ali pafupi ndi 95 wathu, ndipo 93 wawo ali pafupi ndi 98, amene sapezeka pa mapampu wamba a dziko lino. Munthu akawerenga 93 pa pepala n'kukathira 93 wa pa galaja ya ku Vereeniging, wadzipweteka yekha asakudziwa. Petulo amene wagona m'thanki kuyambira May mpaka September, boti lili pa ngolo m'nyengo yozizira, amakhala atafookanso.

Ndinalandirapo boti la munthu wina amene anamangitsa supercharger kwa mmisiri wa magalimoto, n'kuyesa zonse pa Vaal, ndipo linayenda bwino chilimwe chathunthu. Pa tchuthi analikokera kugombe la KwaZulu-Natal, ndipo tsiku lachiwiri pisitoni inabooka. Chifukwa chake n'chakuti supercharger ya lamba imachulukitsa mpweya umene yaupeza. Pa Vaal, 85 kuchulukitsa ndi 1.4 kumapereka makilopasiko 119 m'injini, koma kugombe 101 kuchulukitsa ndi 1.4 kumapereka 141, ndipo kabuleta ndi nthawi ya moto zimene zinakonzedwera 119 sizinathe kuteteza injini pa 141. M'phokoso la boti kugogoda sikumveka ngati pagalimoto, choncho mwini wake anazindikira utsi utatuluka kale. Ndikutchula izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a ife timalota tsiku lina kukokera boti kumudzi, kukaliika pamadzi ku Mangochi kapena ku Senga Bay. Kumeneko mpweya uli cha m'ma makilopasiko 96, pafupi ndi wa kugombe, petulo amadula ndipo nthawi zina amasowa, ndipo lamba wa supercharger akaduka mphepo ya mwera ikuwomba, simudzamupeza m'sitolo ya pafupi.

Ubwino umodzi umene boti lili nawo ndiuvomereze: madzi ozizira ali pomwepo osatha, choncho intercooler ya pa boti imaziziritsa mpweya bwino kuposa ya pagalimoto. Koma ubwino umenewu umadalira kuti madzi azilowa nthawi zonse. Pa damu la Hartbeespoort, pamene namasupuni amadzaza madzi nyengo zina, kapena pa Vaal madzi akatsika n'kukhala amatope, polowera madzi pamatsekeka mosavuta, ndipo injini ya boost imene yasowa madzi imawonongeka msanga kuposa injini wamba.

N'zothandiza kuona zimene opanga injini eni ake achita. Kampani ya Mercury inatulutsa injini ya Verado mu 2004, ya masilinda 6 ndi malita 2.6, yokhala ndi supercharger yochokera kufakitale, ndipo inali injini yabwino imene inapangidwa yonse, kuyambira mapisitoni mpaka kompyuta, ndi cholinga chonyamula boost. Komabe mu 2018 kampani yomweyo inatulutsa injini za V6 ya malita 3.4 ndi V8 ya malita 4.6 zopanda supercharger, ndipo mu 2022 inabweretsa V10 ya malita 5.7 ya hosipawa 350 ndi 400, nayonso yopanda supercharger. Pampuyo anaisungabe pa injini za mpikisano monga 450R ndi 500R, zimene ogula ake akufuna liwiro ndipo sawerengera petulo. Pa njinga za pamadzi nkhani ndi yomweyo: Sea-Doo RXP ya 2004 inatulutsa hosipawa 215 ndi supercharger, koma pampuyo inkafunika kumasulidwa ndi kukonzedwanso pa maola 100 aliwonse pa mitundu yoyambirira. Ngati akatswiri okhala ndi fakitale yonse anaona kuti kwa munthu wamba injini yokulirapo yopuma yokha ndiyo yoyenera, ife omanga pampu pa injini yakale tiyenera kudzifunsa kawiri.

Nanga muchite chiyani? Choyamba, dziwani ngati injiniyo ili ndi moyo. Mmisiri ayeze kompuresheni (mmene silinda ikupanikizira mpweya) ya masilinda onse 8, ndipo asasiyane kwambiri kupitirira cha m'ma 10 peresenti. Kumbukirani kuti kuno kumtunda geji imawerenga motsika kuposa za m'buku, choncho chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilindawo. Aonenso mapulagi, nthawi ya moto, ndi mapaipi otulutsa utsi oziziritsidwa ndi madzi, amene amadyeka ndi dzimbiri m'kati n'kulowetsa madzi m'injini. Kabuleta imene inakonzedwera kugombe imathira petulo wochuluka kuno chifukwa mpweya ndi wochepa, ndipo mudzaona mapulagi akuda ndi mwaye kumbuyo kwa boti. Kuika majeti (timabowo todutsa petulo m'kabuleta) ang'onoang'ono oyenera kuno ndi ntchito yotsika mtengo imene imachepetsa mafuta ndi kubwezako kamphamvu, bola mukumbukire kubwezera akale mukamapita kunyanja.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikuganiza kuti pali vuto lanu lenileni, ndi pulopela. Tsiku lina mutakwera monga mwa nthawi zonse, patsani moto wonse pamadzi abata ndipo muwerenge rpm. Injini zambiri za 5.7 za mtundu wanu zimayenera kufika penapake pakati pa 4,200 ndi 4,800, malinga ndi chaka chimene zinapangidwa, koma muone chimene chalembedwa pa injini yanuyo. Ngati ikuthera pa 4,000 kapena kutsika apo, pulopela yanu ndi yolemera, ndipo n'kutheka kuti botilo linachokera kugombe ndi pulopela yake ya kumeneko. Zili ngati kunyamuka pa giya lachitatu galimoto itadzaza. Kutsitsa pitch (kupendekeka kwa mapeni a pulopela) ndi inchi imodzi kumakweza rpm ndi 150 mpaka 200, choncho kuchoka pa 21 kupita pa 19, kapena pa 19 kupita pa 17, kumasintha khalidwe la boti mwakuti eni ake amaganiza kuti taikamo injini ina. Pulopela ya mapeni anayi imathandizanso kunyamula kumbuyo ndi kusunga boti pamwamba pa madzi pa liwiro lotsika, pamene mafuta amayenda pang'ono. Pulopela ya aluminiyamu mtengo wake ndi marandi masauzande ochepa, ndipo ogulitsa ena a m'mbali mwa Vaal amalola kuyesa musanagule, funsani.

Kenako yang'anani kulemera. Maboti akale ambiri ali ndi thovu loyandamitsa pansi pa bolodi limene lamwa madzi kwa zaka zambiri, ndipo boti limatha kunyamula makilogalamu ochuluka amene mwini wake sakuwaona. Pitani nalo pa sikelo ya magalimoto, muchotse kulemera kwa ngolo, ndipo muyerekeze ndi kulemera kumene opanga analemba. Kumimba kwa boti kukhale kosalala, kopanda ndere. Ponyamuka, mwendo ukhale wotsitsidwa mpaka pansi, anthu awiri asunthire kutsogolo, ndipo mukadzuka ndi pamene muukweze pang'onopang'ono. Timapiko ta kumbuyo totsitsa mutu wa boti timathandiza kwambiri pa boti lolemera kumbuyo. Ngati mungathe, ikani kachipangizo koyeza malita amene akudutsa pa ola, chifukwa kadzakusonyezani liwiro limene boti lanu limayenda mtunda wautali pa lita, ndipo kawirikawiri limakhala pamwamba pang'ono pa pamene boti langodzuka, cha m'ma 3,000 mpaka 3,500 rpm.

Za malamulo ndinene mwachidule. Bungwe la SAMSA, loona za chitetezo cha pamadzi m'dziko lino, limafuna kuti woyendetsa boti la mphamvu yopitirira hosipawa 15 pa madamu ndi mitsinje akhale ndi chiphaso cha uskipa, ndiponso kuti botilo liziyesedwa chaka ndi chaka n'kupatsidwa chikalata chosonyeza kuti ndi loyenera kuyenda. Mukasintha mphamvu ya injini, woyesayo ndi a inshuwalansi ayenera kudziwa, ndipo mukapitirira mphamvu imene wopanga boti analola, mutha kukanidwa malipiro ngozi itachitika. Ngati mukuganiza zonyamula anthu olipira, malamulo ake ndi ena okhwimirapo. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musalole munthu kumanga zida za galimoto m'chipinda cha injini ya boti. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imatsikira pansi pa boti pamene ilibe potulukira, ndipo sitata kapena olitaneta ya galimoto imatulutsa tizimoto timene zida za m'madzi zinapangidwa kuti zitseke. Ndi chifukwa chomwechi timayatsa fani yotulutsa nthunzi kwa mphindi zinayi tisanalize injini.

Supercharger ili ndi malo ake, ndipo sindikuinyoza. Munthu amene ali ndi boti lolimba lopangidwira liwiro, injini yatsopano ya kompyuta yokhala ndi sensa yomva kugogoda, mwendo wa Bravo, ndi thumba lolola kuwotcha malita 100 pa ola osadandaula, adzasangalala nayo kwambiri kuno kumtunda, pakuti imabwezeradi zimene phiri lalanda. Inu mwanena kuti ndinu atatu amene munasonkherana, ndipo dandaulo lanu loyamba ndi petulo. Ngati mutakonza kabuleta, pulopela ndi kulemera koma botilo likukanabe kunyamula anthu asanu ndi mmodzi, ndiye kuti mwina ndi laling'ono pa ntchito imene mukulipatsa, ndipo ndalama ya R200,000 ija ingachite bwino mutaiphatikiza ndi mtengo wogulitsira botili n'kugula lina lokhala ndi injini yatsopano ya jekeseni, yopopera petulo popanda kabuleta, imene kompyuta yake imadziyezera yokha mpweya wa kumtunda ndi wa kugombe. Koma yambani ndi kuwerenga rpm Loweruka likubwerali, mutakwera nonse ndi thanki yodzaza, ndipo mulembe nambalayo pamodzi ndi manambala amene adindidwa pa pulopela yanu musanapite kwa mmisiri.